Timabokosi ta tiyi takale ndi masupuni ake asiliva pa okushoni: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene ayamba kumene kutolera zinthuzi, makamaka okhala ku Britain ndi ku South Africa kumene malonda a zinthu zakale sasowa. Oyambirira ndi a munthu amene sanagwirepo kabokosi kotere m'manja, akumapeto ndi a munthu amene watsala pang'ono kulipira.

Kodi tea caddy n'chiyani?

Ndi kabokosi kapena kamtsuko kosungiramo masamba a tiyi ouma. Dzina lomweli ndi limene mudzalipeze m'makatalogi a okushoni, choncho posaka lembani limenelo. Toyamba kufika ku England tinali timitsuko tadothi losalala tochokera ku China, ndipo chivundikiro chake ndi chimene ankayezera masamba. Pambuyo pake amisiri a ku England komweko anayamba kupanga tasiliva, kenako tamatabwa tokhala ndi loko. Tamatabwati ndi timene timapezeka kwambiri pamsika lero.

N'chifukwa chiyani tiyi ankamutsekera ndi kiyi?

Anali wodula koopsa. Tiyi anafika ku London cha m'ma 1650, ndipo anatchuka pakati pa olemera Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya ku Portugal, atakwatiwa ndi Charles II, mfumu ya ku England, mu 1662. Ankabwera ndi zombo za East India Company kuchokera ku China, ndipo boma linkawonjezera msonkho mpaka unafika 119 peresenti. Zotsatira zake n'zodziwikiratu: tiyi wambiri ankalowa mozembetsa usiku, ndipo ochita malonda achinyengo ankasakaniza masamba a mitengo ina kapena kuumitsanso masamba ophika kale n'kuwagulitsa ngati atsopano. Mayi wapanyumba amene wagula tiyi weniweni ankamutsekera, kiyi n'kusunga yekha, ndipo kabokosiko kankabwera pabalaza pamaso pa alendo. N'chifukwa chake kanayenera kukhala kokongola.

Mu 1784 nduna yaikulu William Pitt wamng'ono inatsitsa msonkhowo kufika pa 12.5 peresenti. Kuzembetsa kunasiya kupindulitsa, anthu wamba anayamba kumwa tiyi, ndipo timabokosi tinapangidwa tambirimbiri. Chaka chimenechi chisungeni m'mutu. Zambiri zimene mudzaone pa okushoni n'zapakati pa 1780 ndi 1850, ndipo munthu akakuuzani kuti kabokosi kake kamatabwa n'ka m'ma 1600, mufunseni umboni.

M'katimu muli zipinda ziwiri ndi bowo pakati. Zinali zachiyani?

Chipinda chimodzi chinali cha tiyi wobiriwira, chinacho cha wakuda. Pabowopo pankakhala kambale kagalasi. Ena amati kanali kosakanizira masamba, ena amati ka shuga, ndipo popeza shuga nayenso anali wodula n'zomveka kuti ankamutsekera limodzi. Timbale timeneti tinasweka tambiri, moti kamene mwakapeza m'bokosi nthawi zambiri kamakhala kolowetsa pambuyo pake. Zimenezo si mlandu, bola wogulitsa anene.

Nanga supuni yapaderayo inabwera bwanji?

Timabokosi titayamba kukhala ndi pakamwa potambalala, chivundikiro choyezera chija chinatha ntchito. Kuyambira cha m'ma 1770 osula siliva anayamba kupanga supuni ya chogwirira chachifupi ndi kumutu kotakata, yoti izitha kugona m'kabokosi n'kutsekeredwa limodzi ndi tiyi. Imeneyo ndiyo caddy spoon. Zambiri zoyambirira zili ngati chigoba cha nkhono ya kunyanja. Kutalika kwake sikupitirira kwenikweni chala chapakati cha munthu wamkulu.

Ndiyambe ndi chiyani, mabokosi kapena masupuni?

Masupuni. Supuni yasiliva ya ku Britain imadzinenera yokha: pa iyo pali zidindo zonena mzinda umene inayesedwa, chaka chake ndi amene anaipanga, ndipo zidindozo mungazitsimikize nokha m'kabuku kakang'ono ka zidindo. Kabokosi kamatabwa kalibe zonsezi. Zaka zake mumazimva kwa wogulitsa, ndipo kuti mutsutse pamafunika diso limene limabwera mutagwira timabokosi tambiri. Woyamba kumene akalakwitsa pa supuni amataya ndalama zochepa. Akalakwitsa pa kabokosi kooneka ngati peyala, amalira.

Palinso nkhani ya malamulo, imene ikukhudza mabokosi kwambiri kuposa masupuni. Onani funso la mnyanga m'munsimu.

Zidindo za pa siliva zimawerengedwa bwanji?

Gulani kagalasi kokuza zinthu kakhumi, kamene amagwiritsa ntchito okonza mawotchi. Tembenuzani supuni, muyang'ane kumbuyo kwa chogwirira kapena m'kati mwa mutu wake.

Choyamba sakani mkango woyenda, mwendo umodzi wakutsogolo uli m'mwamba. Ndicho chidindo cha ku England chonena kuti chitsulocho ndi sterling, kutanthauza magawo 925 a siliva pa 1,000 alionse. Kenako chidindo cha mzinda. Nangula ndi Birmingham. Mutu wa kambuku ndi London, ndipo mutuwo unkavala chisoti chachifumu mpaka 1821, pamene chisoticho chinachotsedwa. Chisoti chachifumu pachokha ndi Sheffield, nyumba ya malinga ya nsanja zitatu ndi Edinburgh, zeze wovala chisoti ndi Dublin. Maofesi oyesa siliva a ku Birmingham ndi Sheffield anatsegulidwa mu 1773, Matthew Boulton, mwini fakitale wa ku Birmingham, atalimbana ndi nyumba ya malamulo chifukwa chotopa ndi kutumiza katundu wake ku Chester kukadindidwa. Choncho supuni ya nangula singakhale yakale kuposa 1773.

Pali chilembo chimodzi chonena chaka. Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa mzinda uliwonse unali ndi mndandanda wakewake, ndipo zilembo zikatha ankayambiranso ndi kalembedwe kena m'kachishango kooneka mwina. Chilembo chomwecho ku London ndi ku Birmingham ndi zaka ziwiri zosiyana. Yambani mwapeza mzinda, kenako muyerekeze maonekedwe a chilembo ndi a kachishango kake.

Mukaona kamutu ka mfumu kapena mfumukazi, ndiye kuti msonkho wa siliva unalipidwa. Chidindo chimenechi chinayamba mu December 1784 n'kutha mu 1890, ndipo chimathandiza kwambiri: mutu wa Victoria umayang'ana kumanzere, pamene ya George IV ndi William IV imayang'ana kumanja. Chotsiriza ndi zilembo za dzina la wopanga. Kale chilembo I chinkaimira J, moti IT ya ku Birmingham kawirikawiri ndi Joseph Taylor.

Musadabwe kupeza supuni ya ku London ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 yopanda mutu wa kambuku. Pa tinthu tating'ono ankausiya dala. Masupuni olukidwa ndi timawaya tasiliva nawonso nthawi zambiri alibe chidindo chilichonse, poti panalibe podinda.

Yanga yalembedwa EPNS. Ndi siliva?

Ayi. Ndi chitsulo china chimene anachikuta ndi siliva wopyapyala pogwiritsa ntchito magetsi, njira imene kampani ya Elkington ya ku Birmingham inatengera chilolezo mu 1840. Opanga ena ankadinda timazidindo tinayi motsatana kuti patali tizioneka ngati ta siliva weniweni, koma mkango simudzaupeza.

Palinso Old Sheffield Plate, yoyamba m'zaka za m'ma 1740 ndi Thomas Boulsover, imene ndi mkuwa womatidwa ndi siliva pamoto. M'mbali mwake mukaperepeseka mumaoneka kufiira kwa mkuwa. Iyi ili ndi oikonda ake ndipo ndi yakaledi, koma musailipire mtengo wa sterling.

Ndi masupuni ati amene anthu amalimbirana?

Maonekedwe ndi amene amakoka mtengo, osati kulemera kwa siliva, poti supuni yotere imalemera magalamu ochepa chabe. Za chigoba cha nkhono, za tsamba ndi za fosholo n'zofala, ndipo ndi poyambira pabwino. Zosowa ndi monga yooneka ngati chipewa cha wokwera hatchi pampikisano, ya dzanja la munthu, ndi ya phiko la chiwombankhanga, imene nthenga zake zimapanga mutu wa supuni pamene khosi ndi mlomo zili chogwirira. Mayina a ku Birmingham amene mudzakumane nawo ndi Joseph Willmore, Samuel Pemberton, Joseph Taylor, Matthew Linwood ndi George Unite. Ku London, chidindo cha Hester Bateman chimakweza mtengo ngakhale supuniyo ikhale wamba, ndipo kunena zoona nthawi zina anthu amalipirira dzinalo kuposa ntchito yake.

Masupuni a m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, osulidwa pamanja ndi Omar Ramsden kapena ogulitsidwa ndi sitolo ya Liberty ya ku London, amatha kuposa mtengo wa ena a nthawi ya mfumu George III. Ukale pawokha si umene umadulitsa chinthu. Ku Britain kuli bungwe la otolera masupuniwa, Society of Caddy Spoon Collectors, ndipo nyumba ya okushoni ya Woolley & Wallis ku Salisbury imadziwika ndi malonda a siliva wamng'onowamng'ono ngati ameneyu.

Supuni yachinyengo kapena yokonzedwa ndingaidziwe bwanji?

Masupuni ambiri a ku Birmingham ankawadinda ndi makina pa siliva wopyapyala, ndipo amang'ambika pamene chogwirira chikumana ndi mutu. Ikwezeni pa kuwala, muone ngati pali kamng'alu. Kenako uzirani mpweya wa m'kamwa pamalopo: nthunzi ikamachoka, mzere wa pamene anawotcherera umaonekera mwa mtundu wina. Yowotcherera si yachinyengo, koma mtengo wake uyenera kutsika ndithu.

Chinyengo chenicheni chili mitundu iwiri yodziwika. Ena amatenga supuni ya tiyi wamba ya zidindo zenizeni, kudula chogwirira n'kusula mutu wina. Chogwirira chimaoneka chonenepa mosagwirizana ndi kufupika kwake, ndipo zidindo zimakhala pamalo odabwitsa kapena zokokeka. Ena amatenga chikwama cha wotchi yakale yam'thumba n'kuchisandutsa chipewa cha wokwera hatchi chija. Zidindo zake zimakhala m'kati mwa chipewa, zomwazikana monga zimakhalira m'wotchi, ndipo mukafufuza wopanga mumapeza kuti anali wa zikwama za mawotchi. Zilembo za wopanga muzizifufuza nthawi zonse.

Nanga kabokosi, zaka zake ndingazione pati?

Maonekedwe amapereka chithunzi. Tating'ono ta mbali zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu, kapena tozungulira motalika, tokhala ndi chithunzi cha chigoba cha nkhono cholowetsedwa m'thabwa, n'ta pakati pa 1780 ndi 1800. Tam'mbali mopendekeka ngati bokosi lamwala loikamo maliro, ta timiyendo tozungulira ndi mphete zamkuwa m'mbali, tinatchuka m'nthawi ya Regency, kuyambira 1811, n'kupitirira mpaka m'ma 1830. M'nthawi ya Victoria munabwera ta mapepala oumbidwa n'kupakidwa utoto wakuda wonyezimira, monga ta Jennens & Bettridge a ku Birmingham, ndi ta Tunbridge ware a ku Kent, tokongoletsedwa ndi tizidutswa tamatabwa tating'onoting'ono tamitundumitundu.

Koma maonekedwe amakopeka. Tsegulani. M'zipinda za tiyi ankamata kachitsulo kopyapyala kotuwa, ndipo m'kabokosi kakale kamakhala katayoyoka, kotsala zigambazigamba m'makona. Mukapeza m'kati monyezimira ngati pepala la mupaketi ya ndudu, wina wamatamo dzulodzulo. Yang'anani mahinjesi: ngati pambali pake pali timabowo ta zomangira tosagwira ntchito, anasinthidwa. Loko ayenera kukhala bwino m'malo ake popanda mpata wodzazidwa. Pansi pakhale zokanda za zaka zambiri, osati zokanda dala zoyang'ana mbali imodzi. Nunkhizaninso. Fungo la vanishi watsopano kapena guluu wa masiku ano silibisika.

Tooneka ngati apulo, peyala kapena vwende ndi timene timakopedwa kwambiri chifukwa ndi todula. Thabwa limafota mbali imodzi likamakalamba, choncho kenikeni kamakhala katasiya kuzungulira bwinobwino, ndipo chivundikiro chimakhala bwino mbali imodzi yokha. Kozungulira ngati kachoka pamakina lero kakukayikitseni.

Okushoni amayenda bwanji, ndipo ndidzalipira zingati?

Amene anaonapo malonda a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kale mtima wake: katundu amapita kwa amene watchula mtengo wapamwamba, ndipo zimathamanga. Kusiyana kwake n'koti kuno wogula amalipiranso ndalama ina pamwamba pa mtengo umene hamala yagogodera.

M'katalogi chinthu chilichonse chili ndi nambala ndi mitengo iwiri yongoyerekeza, wotsika ndi wokwera. Nthawi zambiri pamakhalanso mtengo wobisika umene mwini katundu wanena kuti asagulitse pansi pake. Mungapikisane muli m'chipindamo, pafoni, pa intaneti, kapena kusiyira a okushoni mtengo wanu womaliza kuti akuimirireni.

Nachi chitsanzo. Mwapambana supuni pa £200, ndipo nyumbayo imatenga 25 peresenti kwa wogula. Imeneyo ndi £50. Pa £50 imeneyo pali VAT wa 20 peresenti, £10. Mwafika £260. Ngati munapikisana kudzera pa tsamba la pa intaneti ngati the-saleroom, pamabwera maperesenti ena ochepa, ndiye kulongedza ndi kutumiza. Nyumba iliyonse ili ndi mlingo wake, ndipo zikuluzikulu monga Christie's, Sotheby's ndi Bonhams sizikhala zotsika, choncho werengani malamulo awo musanalembetse. Yambani ndi ndalama yonse imene mungathe kutulutsa, muchotse zowonjezerazo, yotsalayo muilembe papepala. Ikadutsidwa, tsitsani dzanja. Masupuni a Willmore ndi Taylor anapangidwa ambiri, ina ibwera mwezi wamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Hamala ikagogoda mwagula. Kusintha maganizo kulibe.

Mawu a m'katalogi ndiwakhulupirire mpaka pati?

Awerengeni mwachifatse, chifukwa olemba ake amasankha mawu mosamala kuti asadzagwidwe. “George III” akutanthauza kuti chinapangidwa pakati pa 1760 ndi 1820. “George III style” akutanthauza kuti changofanana ndi za nthawiyo, chikhoza kukhala cha chaka chatha. “And later” ndiye kuti zina pa chinthucho n'zowonjezera pambuyo pake. Zilembo A/F zikuchenjeza kuti chili ndi vuto ndipo mukugula momwe chililimo.

Ngati simungapite tsiku loonetsa katundu, lembani kupempha condition report, lipoti la momwe chinthucho chilili. Ndi yaulere. Musangofunsa kuti “kodi chili bwino?” Funsani chimodzichimodzi: pali powotcherera? Zidindo zikuwerengeka zonse? Pali zilembo za mwini wakale zimene zinafufutidwa? Pa kabokosi, funsani za mahinjesi, loko, kiyi, zivundikiro zam'kati ndi timabowo ta tizilombo tofumbula matabwa. Pemphani chithunzi cha zidindo chojambulidwa pafupi. Nyumba zambiri zimalola kubweza chinthu chikapezeka kuti n'chopeka dala, koma m'masiku owerengeka okha, ndipo ming'alu imene simunafunse ndi yanu.

Kabokosi kali ndi mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba. Ndingagule? Ndingapite nako kumudzi?

Apa samalani kwambiri. Timabokosi tambiri tili ndi kamnyanga kozungulira bowo la kiyi kapena pa zogwirira za zivundikiro. Ku Britain lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 June 2022, limaletsa malonda a mnyanga. Chimodzi mwa zololedwa ndi chinthu chopangidwa 3 March 1947 isanafike, chimene mnyanga wake sukwana 10 peresenti ya chinthu chonse, ndipo chikhale cholembetsedwa kuboma. Nyumba ya okushoni yolongosoka imalemba nambala yolembetserayo m'katalogi. Ikasowa, funsani. Chilango chimafika £250,000 kapena zaka zisanu m'ndende, ndipo chimakhudza wogula yemwe.

Kutuluka nako m'dziko ndi nkhani inanso. Njovu, kamba wa m'nyanja wotchedwa hawksbill amene chigoba chake ankakutira timabokosi, ndi mtengo wa rosewood wa ku Brazil, zonsezi zili pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, ndipo kudutsa nazo malire kumafuna zilolezo. Ku Malawi zimenezi zili m'manja mwa nthambi yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako nyama, ndipo lamulo lake litakonzedwanso mu 2017 chilango chimatha kufika zaka 30. Wapabwalo la ndege sadzayamba ndi kufunsa ngati kabokosiko n'ka 1790. Adzaona mnyanga. Ngati mukudziwa kuti katundu wanu tsiku lina adzakwera ndege, zoterezi zisiyeni, musankhe ka matabwa okhaokha kapena supuni yasiliva yopanda chogwirira cha mnyanga.

Kusiyanitsa fupa ndi mnyanga n'kotheka ndi kagalasi kaja. Fupa lili ndi timadontho ndi timizere takuda, mnyanga uli ndi mizere yopingasana ngati ukonde. Mukakayika, utengeni ngati mnyanga.

Kodi m'timabokosi timeneti munkakhala tiyi wa ku Mulanje kapena Thyolo?

M'takale kwambiri ayi. Nthawi imeneyo pafupifupi tiyi yense ankachokera ku China. Wa ku Assam anagulitsidwa koyamba pa okushoni ku London mu 1839, ndipo minda ya ku Mulanje inayamba m'zaka za m'ma 1890, tiyi atatchipa kale n'kuyamba kugulitsidwa m'mapaketi, loko atatha ntchito. Masupuni a m'ma 1920 ndi 1930 n'kutheka kuti anatapako masamba a ku Nyasaland.

Ndizitsuka ndi kusunga bwanji?

Supuni itsukeni m'madzi ofunda a sopo, muipukute ndi kansalu kofewa. Sitiliwulo, phulusa ndi mchenga n'za mapoto. Polishi wa siliva mugwiritse ntchito mwa apo ndi apo, ndipo popukuta phimbani zidindo ndi chala chachikulu, chifukwa kupukuta kulikonse kumadya siliva pang'ono ndipo supuni ya zidindo zofufutika yataya umboni wake. Musaimange ndi labala, imadetsa siliva.

Kabokosi kakhale kutali ndi dzuwa la pawindo ndi zotenthetsera m'nyumba. Chinyezi cha nthawi ya dzinja nachonso chimatukula thabwa lopyapyala lapamwamba, poti guluu wakale anali wa zikopa ndi mafupa. Kachidutswa kakamatuka, kasungeni mu envulopu mukapereke kwa mmisiri wodziwa zinthu zakale. Supagulu ayi. Phula la njuchi pang'ono kamodzi pachaka n'lokwanira. Kupala n'kupaka vanishi watsopano kumachotsa khungu lakale limene ogula amalipirira.

Ndingasungiremo tiyi womwa?

Supuni igwiritseni ntchito m'mawa uliwonse ngati mukufuna, siliva savulala ndi masamba ouma. Kabokosi ayi. Kachitsulo kotuwa kam'kati kaja nthawi zambiri kali ndi mtovu, ndipo kakamayoyoka fumbi lake limasakanikirana ndi masamba. Ngati mukufunitsitsa kuti mukhale tiyi, muikeni m'kachitini kotseka bwino kokwana m'chipindamo, ndipo zotsalira za kachitsulo kakaleko musazipale.